Nyimbo za Gerald Zakana Kutseguka

Lamulungu, 8 Sepitembala

Lero ndavina m'tchalitchi ngati mtsikana. Mnzanga Jane anachita kundikoka nsalu, amvekere iwe Eunice khala pansi, bondo lija liyambiranso. Ndinati lisiye liyambe.

Chiliza cha Gerald chatha! Dzulo amisiri achotsa matabwa, simenti yauma bwino, dzina alemba molondola. Loweruka likubwerali tikavundukula. Chaka chathunthu ndakhala ndikudutsa njira ya kumanda mutu uli pansi, mwana wa achimwene anga, mwana amene ndinamulera ine kuyambira ali sitandade 2, atagona pansi pa mulu wa dothi ngati alibe abale. Pano ayi.

Ndiye a Mailosi, akwayamasitala athu, analengeza kutsogolo kuti Loweruka kwaya sidzaimba nyimbo ya munthu wina. Zonse zidzakhala zopeka Gerald. Zisanu. Ndinangozindikira ndaimirira, nthungululu yatuluka yokha.

Chinanso, Alinafe, Ali wanga, mlongo wake wa Gerald, akubwera Lachiwiri, adzagona kuno mpaka mwambo. Chichitikireni maliro a mlongo wake sanagonepo m'nyumba muno. Amangoti azakhali ntchito yachuluka, ofesi ya pasukulu kumene amagwira ku Chileka kuja sapumitsa. Ndachapa kale bulangete lake.

Potuluka a Mailosi anandiimitsa pansi pa mtengo wa m'bawa.

"Mayi, musavine kwambiri, pali kavuto."

"Vuto lanjinso tsiku ngati lero?"

"Webusayiti ya mwana wanu yakana kutseguka. Sabata yachiwiri ino."

Gerald anapanga yekha webusayiti ya kwaya. Nyimbo iliyonse akapeka ankaika pamenepo, mawu ake ndi manotsi, do re mi aja, sopulano payokha, aluto payokha, tena, besi. Akwaya ankangotsegula pafoni n'kumaphunzira, palibe anaganiza zokopera. Ziwiri zokha ndi zimene amadziwa pamtima, zina zitatuzo akufuna manotsi. Anandionetsa foni yawo. Poyera pokhapokha, kamzere kamodzi ka Chizungu pamwamba. Ndinati imeneyo ndi netiweki ya kuno ku Lirangwe, mukuiiwala?

Kenako anati, "Nanga buku lake lija, mungatibwereke?"

Ndinati ndiona.

Lolemba, 9 Sepitembala

Ndilembe pano poti palibe amene ndinamuuzapo. Buku lili m'manda.

Hadikava yakuda ija, yomata selotepi kumsana, imene ankalembamo nyimbo asanaziike pa kompyuta. Tsiku loyamba la maliro, thupi lili m'nyumba, kunabwera bambo wina wa kwaya ya kwina. Anagwada bwinobwino, pepani mayi, pepani. Kenako n'kundinong'oneza kuti kodi buku la malemu mungandibwereke ndikafotokope? Mwana asanaikidwe n'komwe! Mtima unandiwawa mpaka m'makutu munalira.

Mawa lake poona nkhope ndinalikulunga mu mpango wanga. Ndinawerama ngati ndikukonza kolala, n'kulilowetsa m'khwapa mwake. Adzukulu anatseka bokosi. Palibe anaona.

Sindinaone ngati ndikulakwa. Iye mwini anandiuza kuchipatala, akuseka, kuti Zakhali, zanga zonse zili pa intaneti, sizingapse, sizinganyowe, chiswe sichifikako. Ine ndinaleka sukulu sitandade 5, ndikanamutsutsa bwanji?

Alinafe wandifunsapo kangapo pafoni. Ndimati lili bwino, lili mu tiranki.

Sabata yatha madzi okandira simenti ya pamwamba pakepo ndinatunga ndine. Ndowa khumi ndi ziwiri.

Ndi netiweki basi. Mawa Ali akonza.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Wafika cha m'ma 10, laputopu ya Gerald ili kumsana. Waonda. Ndinamukumbatira pamsewu pomwepo mpaka kondakitala anati mayi tulutsani kaye chikwama, chikondi mukapitirize kunyumba.

Sanafune ngakhale tiyi. Anakhala pakhonde, pomwe netiweki imagwira, n'kuyatsa. Ine ndinakokera makina anga osokera pafupi, ndili ndi mabulauzi awiri a amvano oti ndimalize.

Si netiweki. Anandiuza mwachindunji.

"Azakhali, mukudziwa nyumba za lendi za m'tauni zija, mdadada umodzi, landilodi mmodzi, mpopi umodzi?"

"Ndinakhalamo zaka zitatu iwe usanabadwe."

"Eya. Gerald anachita lendi kachipinda kamodzi pa kompyuta yaikulu ya kampani ina. Pa kompyuta imeneyo pali anthu mazanamazana, aliyense kachipinda kake. Tsamba limene a Mailosi amaona pafoni lili ngati khonde chabe. Nyimbo zimakhala kuchipinda chosungira katundu, amati detabesi. Munthu akatsegula, tsambalo limathamanga kukatenga nyimbo kumeneko. Ndiye pano likumagogoda, sakulitsegulira."

"Ligogode mwamphamvu."

Anaseka! Kuseka kwenikweni, kwa mano onse, ngati kale. Ndinamva bwino m'thupi monse.

Anayamba ndi pasiwedi, akuti nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Anaipeza m'kati momwe Gerald anailemba, n'kundikopera papepala kuti ine ndiziwerenga chilembo chimodzichimodzi iye akufananiza. Ndinawerenga F, U, T, A, n'kuima. Futali. Mwana uja anatseka nyimbo zake ndi futali. Ankadya mpaka kukanda m'poto, ndikamukalipira amvekere Zakhali chiponde chatsalira pansi, ndi tchimo kutaya.

Pasiwedi ili bwino. Dzina lolowera lili bwino. Anayesa katatu, kamzere komwe kaja.

Madzulo akutseka laputopu anati, "Musadandaule azakhali, zikavutitsitsa tili ndi hadikava ija. Ili mu tiranki eti?"

Ndinati ndikaone madzi pamoto. Panalibe madzi pamoto.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Lero wapeza pamene pali vuto, koma kupeza si kukonza.

Akuti kompyuta ija ili ndi kabuku kake komwe imalemba chilichonse chimene chalakwika, amati logi. Anatsegula, mizere yofanana kuyambira pa 26 Ogasiti mpaka lero. Iliyonse ndi munthu amene anayesa kutsegula n'kukanidwa. Ndinati yambiri mwa imeneyo ndi a Mailosi.

Mmene ndamvera ine ndi chonchi. Pakati pa tsamba ndi detabesi pali kachipangizo kamene kamanyamula uthenga, Ali amati laibulale. Mwezi watha eni kampani anasamutsira anthu onse pa kompyuta yatsopano, detabesi n'kukhala ya mtundu watsopano. Koma tsamba la Gerald likugwiritsabe laibulale yakale. Anandionetsa manambala awiri pamzere umodzi, ina yoyamba ndi 5, ina yoyamba ndi 10. Akuti zimayenera kufanana.

Ndinati ndiye zili ngati tsiku lija ndinagula bobini pamsika wa Lunzu. Bobini yabwinobwino, yatsopano, makina anganso abwinobwino, koma inali ya makina ena. Ulusi unkangopotana pansi, nsalu osasokeka, ine n'kumatukwana singano yosalakwa.

Anandiyang'ana. "Azakhali, ndi zimenezo ndendende."

Ndinanyada tsiku lonse. Ndinakauzanso Jane kuseri kwa mpanda.

Ndiye ndinati sintha bobiniyo. Anayesa. Pali pena pamene umasankha mtundu wa injini yoyendetsa tsambalo, amati pi-echi-pi, manambala ali mundandanda. Gerald anasiya pa 5.6. Ali anasankha yatsopano kwambiri, 8. Kamzere kaja kanachoka, ine n'kuimirira kale kuti ndiombe m'manja, koma panabwera mizere ina yambirimbiri, tsamba lonse kusweka. Akuti zimene analemba Gerald ndi zakalekale, injini yatsopano sikuzimva. Anabwerera pa 5.6, kamzere kaja kanabweranso. Kutsogolo kukana, kumbuyo kukana.

A Mailosi anafika pa njinga cha m'ma 3, thukuta kamukamu.

"Achemwali, kodi simungangoizimitsa n'kuyatsanso? Wailesi yanga ndimatero."

"A Mailosi, kompyutayo ili kunja kwa dziko lino, ndiponso si yathu."

"Sukulu yonse ija, kulephera kutsegula chitseko cha mlongo wako?"

Ndinawayankha ndine. Ndinati inu chaka chathunthu kwaya yonse kulephera kukopera nyimbo zitatu papepala, manja anali kuti? Anaseka, anati mayi mwandigwira. Koma mawu anga omwewo anandibaya ndekha.

Ali akuti laibulale yoyenera sangaiike yekha. Wa lendi sasintha mpopi wa pabwalo, mpaka landilodi. Walembera kalata eni kampani. Palinso khomo lakumbuyo lolowera mu detabesi osadzera patsamba, nalonso lamukana.

Pochoka a Mailosi anati kwatsala mapulakatisi awiri okha, buku lija bwanji? Ali anati mawa, zikakanika tilitulutsa.

Sindinadye.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Wapita.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu usiya kuzungulira.

Yankho linabwera m'mawa. Kalata yaitali, koma Ali anati iyi sanalembe munthu, ndi imene amangotumizira aliyense. Akuti ngati detabesi ikukana, pangani ina yatsopano muyambirenso. Koma lendi ya Gerald ndi yaing'ono, imaloleza detabesi imodzi yokha. Kuti upange yatsopano, uyambe wafufuta yakale.

Kenako anaona pambali pa dzina la detabesi pamene amalemba kukula kwake. Panali 0.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana ziro ameneyo. Anati, "Mwina posamutsa paja anataya zonse. Tikulimbana ndi chitseko cha chipinda chopanda kanthu."

Ndinafunsa ngati ziroyo anganame. Anati mwina, sakudziwa, iye si katswiri, amangotaipa malipoti a ana asukulu. Koma Loweruka ndi mkuja.

"Tichite chonchi azakhali. Ndifufuta iyi, ndipanga yatsopano. Inu katengeni buku, muziwerenga ine ndizitaipa. Zisanu zokha kaye, zinazo ndidzamaliza pang'onopang'ono."

Sindinadzuke.

"Azakhali, kiyi wa tiranki ali kuti?"

Anali atadina kale. Panatuluka kabokosi kofunsa ngati akutsimikiza, batani lofiira pansi pake. Chala chake chinali pomwepo. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka laputopu inatsala pang'ono kugwa.

"Usafufute mwanawe. Buku kulibe."

"Kulibe bwanji? Munabwereketsa?"

"Ali nalo mwini wake."

Sanamve msanga. Kenako anamva. Ndinaona nkhope yake ikusintha, inakhala ngati ya achimwene akakwiya. Ndinafotokoza zonse, za bambo wa fotokope uja, za mpango, za zimene Gerald ananena kuchipatala. Anandilola ndimalize.

"Munafunsa ndani?"

Ndinayang'ana pansi, iye anapitiriza.

"Pogawa katundu wake ine ndinalimbirana chiyani? Njinga anatenga ena, kiyibodi inapita kutchalitchi, masuti anagawana. Ndinati buku lokha mundisungire, ndidzatenga mtima ukakhala pansi. Munati lili mu tiranki. Khirisimasi munati lili mu tiranki. Pasaka munati lili mu tiranki."

"Ndinkaopa."

"Munkaopa ine? Ndipo mwakhala pano masiku atatu mukundiyang'ana. Ndikanadina apa bwenzi zonse zitatha, mukudziwa?"

Ndinati ndikudziwa. Ndinati pepa. Ndinafuna kumugwira phewa, anasuntha.

Anatseka kabokosi kaja osadina chofiira, zimenezo ndinaonetsetsa. Anapinda zovala zake. Ndinamutsatira mpaka pamsewu ndikulankhula zimene sindikuzikumbuka. Minibasi inaima, kondakitala yemwe uja. Sanachite nthabwala lero.

Bulangete lake ndalipeza lopindidwa bwino pampando.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Azimayi abwera kudzathandiza, thobwa, nkhuni, kusankha mpunga. Ndinauza Jane tili awiri kuseri. Anati iwe Eunice, buku lokha? Kwathu ku Mdeka wina anamuika ndi wailesi, mabatire ali momwemo. Ankafuna ndiseke. Kenako anaona kuti sizikutheka, anangondigwira dzanja.

A Mailosi ndinawauza ndekha pulakatisi isanayambe. Anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati, kuvalanso. Anati tiyesa zimene tikukumbuka mayi.

Foni ya Ali ikuitana, sakuyankha.

Loweruka, 14 Sepitembala

Tavundukula.

Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Madziabango kumene Gerald anaphunzitsako kwaya. Ali anafika ndi minibasi yam'mawa, anapereka moni kwa aliyense, kwa inenso, moni wa mlendo. Abusa ataitana abale awiri oti achotse nsalu, tinapita ine ndi iye. Iye nsonga iyi, ine nsonga iyo. Tinakoka. Chiliza n'chokongola, anthu anang'ung'udza kuyamikira. Ine maso anali pakati pa simenti, cha kumanzere, pamene ndikudziwa kuti pali khwapa lake.

Nyimbo ziwiri zoyamba anaimba bwino zedi. Ndinalira, koma kulira kwabwino.

Yachitatu anayesa ya pamtima. Ndime yoyamba inayenda. Pofika pakolasi asopulano anakwera, atena analowera kwawo, abesi anayang'anana n'kusiya mmodzimmodzi. Anatsala atsikana atatu akukoka okha, mawu akunjenjemera. A Mailosi anatsitsa dzanja. Panali zii, kumveka mbuzi kutsidya. Kenako anayambitsa nyimbo ya m'buku la tchalitchi, khamu lonse linalandira, mwambo n'kupitirira.

Mayi wina kumbuyo kwanga, sindinatembenuke kuti ndione ndani: "Si paja anati zonse zikhala za malemu?"

Pobalalika Ali anabwera pafupi, osandiyang'ana kumaso.

"Sindinafufute. Ndawalemberanso, ndakopera mzere wa mu logi uja kuti aone okha."

"Udye kaye mwanawe."

"Ndadya."

Sanadye. Jane anaona mbale yake.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Sindinapite kutchalitchi. Ndinati bondo.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndabweza mapoto ndi mabenchi. Ndamaliza bulauzi imodzi, ina ndasoka mkono chagada, ndasomola.

Ndikumayesa kuwerenga nyimbo zake pamtima kuti ndione ndikudziwa zingati. Mitu ndikukumbuka khumi ndi inayi. Zoti ndingaimbe mpaka kumapeto, zinayi. Ndipo ine ndi aluto, za ena sindizidziwa.

Cha m'ma 4 meseji ya Ali. "Ayankha, munthu weniweni. Ndapempha tchuthi mawa m'mawa. Bwerani ngati mukufuna."

Palibe azakhali, palibe moni. Komabe ndasita diresi.

Lachiwiri, 17 Sepitembala, ku Chileka

Ndinanyamuka ndi minibasi yoyamba, kusintha pa Kameza. Ndinamutengera mbatata ndi chiponde, kenako m'njira ndinaona kuti mwina ndalakwitsanso, ndinangozisiya m'chikwama.

Chipinda chake n'chimodzi, kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Ndege ikamatera malata amanjenjemera. Laputopu inali patebulo yotsegula kale.

"Sindinayambe," anatero. "Ngati mulibe kanthu, muone ndi maso anu. Ndisachite kukuuzani pafoni."

Ndinati chabwino. Ndinakhala pabedi.

Woyankhayo dzina lake Noah. Kalata yake yaifupi, mizere inayi. Ali ankawerenga n'kumachita. Choyamba, injini ija asaike yakale kwambiri kapena yatsopano kwambiri, aike ya pakati, 7.4. Chachiwiri, pansi pake pali timabokosi tambirimbiri tochonga. Achotse chochonga pa laibulale yakale, achonge inzake ya dzina lomwelo koma yoyamba ndi zilembo ziwiri, n ndi d. Akuti ziwirizi sizikhalira limodzi, ukachonga zonse zimakangana. Ali anamenya tebulo, akuti Lachitatu lija anaziona, anachonga zonse ziwiri poganiza kuti kuchuluka n'kwabwino. Chachitatu, alembenso pasiwedi, yomweyo, kuti detabesi yatsopano iilandire mwa njira yake.

Anataipa futali. Sitinayang'anane.

Chachinayi, za ziro uja, Noah akuti asamukhulupirire, chisamukireni makina sanawerengenso.

Anatsegula tsamba. Kanthu kaja kanazungulira, kuzungulira. Ine ndinatseka maso. Ndinkapemphera koma mawu ake sindikuwadziwa.

"Azakhali."

Ndinatsegula. Chithunzi cha kwaya, mayunifolomu obiriwira, Gerald kumapeto dzanja lili m'mwamba. Pansi pake mitu ya nyimbo, kutsika, kutsika, osatha.

Ndinakuwa! Ndinaimba nthungululu m'chipinda cha eni, ndinavina pakati pa bedi ndi tebulo, bondo kapena ayi. Alandilodi anathamanga ndi chipande m'manja, amvekere kwagwanji, mwana wabadwa? Ndinati eya mayi, abadwa makumi atatu ndi asanu ndi atatu! Ali ankaseka uku akupukuta m'maso ndi kolala. Anatsegula ija inasweka Loweruka. Manotsi onse ali pomwepo, mzere wa abesi umene anausowa uli phee kudikira. Pompo anakopera zonse pa fulashi, kenako pafoni yake, kenako anatumizira a Mailosi. Iwo anayankha ndi mawu ojambula, kukuwa kokhakokha, sitinamve kanthu.

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinali nditayamba kutsegula chikwama kuti nditulutse mbatata.

Koma Ali sanachoke pa laputopu. Ankayang'ana madeti. Nyimbo iliyonse ili ndi tsiku limene Gerald anaiika. Yomaliza, 19 Malichi chaka chatha.

Anayamba kudwala impso mu Epulo.

"Za kuchipatala zija mulibe," anatero.

Ndinadziwa asanamalize. Miyezi isanu yolowa ndi kutuluka m'chipatala, laputopu inali kunyumba. Ankalemba m'buku, atatsamira pilo, diripi ili kudzanja lina. Pamene ankandiuza kuti zonse zili pa intaneti, n'kuti akulemba zina m'buku lomwelo, ine ndikuona. Ndinali gadiyani wake, pensulo ndinkamusongolera ndine ndi lezala. Sindinaganize. Chaka chonsechi sindinaganizepo.

"Zinali zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri. Kapena zisanu ndi zitatu."

"Ine sanandiimbireko ngakhale imodzi. Ndikabwera Loweruka ankangofunsa za kuntchito."

"Ankati uzimve zitatha."

Anatuluka panja. Ndinamva akutsegula mpopi, madzi akungothikira pansi nthawi yaitali. Ndinavala nsapato, ndinatenga chikwama. Ndinati ndisamuvutitsenso mwana, ndizipita dzuwa lisanatenthe.

Tinakumana pakhomo. Nkhope yonyowa.

"Mukupita kuti?"

"Kunyumba."

"Inu munazimva?"

"Ankang'ung'udza tsiku lonse. Odwala anzake mpaka anadandaula kwa anesi."

"Khalani pansi."

Anatenga kope la kusukulu kwawo, anang'amba masamba oyamba, anajambula mizere. Anaika foni patebulo kuti izijambula mawu. Manotsi amawadziwa, Gerald anamuphunzitsa ali ana, ine ndinkawakalipira kuti akusokosa.

Ndinayamba ndi ija ankaikonda m'mawa akamudzutsa kuti amuyeze. Mawu ake ndinawapeza onse a ndime yoyamba. Mawu anga ndi amene anathawa, ndinayamba katatu. Mzere woyamba analemba. Wachiwiri analemba. Pa wachitatu ndinaima.

"Pamenepo ankakwera kapena ankatsika?"

"Sindikudziwa mwanawe."

Ndinadikira kuti akalipe. Anang'ung'udza yekha mokwera, n'kundiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Anang'ung'udza motsika, pamapeto n'kukhotetsa pang'ono ngati mmene ankachitira mlongo wake. Tsitsi linandiimirira.

"Imeneyo!"

"Yambiraninso pachiyambi. Pang'onopang'ono, musathamange ngati muli ku mvano."

Mpaka 12 koloko tapeza imodzi yathunthu ndi theka la ina. Sopulano yokha, ena atatuwo akuti a Mailosi adzavutike nawo. Ziwiri ndikungokumbuka poyambira. Zina zija ndikafufuza m'mutu mulibe chilichonse, ngakhale mutu wake, ndipo ndamuuza zoona, sindinabise. Analemba manambala 5, 6, 7 m'kope n'kusiya masamba opanda kanthu.

Waimbira kuntchito kuti masana sabweranso. Mbatata wazipeza yekha m'chikwama pofuna cholembera changa, zili pambaula.

Ndikulemba izi iye atatuluka. Wapita kwa alandilodi kukabwereka mphasa. Sanandifunse ngati ndigona.